Khoma Linagwera Kunja

Tsiku langa limayamba ndi matewera. Ndikadzuka ndimakoleza mbaula, kuteleka madzi, kunyika matewera a usiku m'beseni lalikulu, kenako kusesa m'chipinda Kankhuku asanatsike pabedi, chifukwa mwana ameneyu chilichonse chimene wapeza chimapita m'kamwa: batani, khala, msomali. N'chifukwa chake bambo ake anamupatsa dzina limenelo. Ndikamudyetsa phala ndimachapa, kuyanika pachingwe cha kuseri, kutsuka mbale, kukatunga madzi kumpopi, kuphika, kuanula, kusita. Sukulu ndinalekeza panjira, koma ntchito za pakhomo sindinajombepo, ndipo Lachitatu lija ndinazigwira bwinobwino mpaka pamene khoma linagwa.

Chingwe changa chili m'mbali mwa mpanda, ndipo kuseri kwa mpandawo ndi kumene amuna anga ankagumula nyumba. Inali nyumba yakale ya malata. Mwiniwake, amene tonse tinkangoti a Bwana, anasiyiridwa ndi mayi awo, ndipo ankafuna kuichotsa yonse kuti amange ina yakumtima kwawo, yosanja, ya magalasi mbali zonse. Ntchito yogumula anapatsa amuna anga ndi anzawo awiri. Chovuta chinali a Mawailesi, malume awo a Bwanawo, nkhalamba yokonza mawailesi imene inakhala m'chipinda chakumapeto ine ndisanabadwe. Anawapezera kwina kogona, koma tsiku lililonse ankabwerera. Ankavula nsapato pakhomo monga ankafunira malemu mchemwali wawo, n'kukakhala m'chipinda chawo chopanda denga, pakati pa malata ndi mafelemu amene amuna anga anaunjika mmenemo. Khoma lakunja la chipindacho analipaka okha penti yobiriwira. Nyumba ina yonse inali yoyera.

Kankhuku amavutika ndi chifuwa, choncho ine ndi bambo ake tinali ndi lamulo. Asanagwetse khoma lililonse ankawaza madzi, kenako n'kuitana pampanda, "Mayi a Kankhuku, anulani." Ine n'kuanula, kutseka zenera, iwo n'kukoka chingwe chogwetsera khomalo.

Lachitatu lija palibe anaitana. Ndinali kumpopi masana, mwana kumbuyo, pamene ndinamva chiphokoso chimene chinandilowera kumapazi. Ndinasiya ndowa pamzere. Pofika kunyumba ndinapeza fumbi lili m'malere ndipo matewera onse atachita imvi. Nditasuzumira pampanda ndinaona amuna anga atagwada, akufukula njerwa zobiriwira ndi manja. Pansi pake panali kuoneka mapazi awiri ovala masokosi.

Apolisi atabwera anatenga mtembo wa a Mawailesi, anatenganso amuna anga.

* * *

Madzulo omwewo kunabwera a dalaivala a lole imene inkatuta zigumu. Ndi munthu wamkulu thupi, wa nthabwala, ndipo Kankhuku ankawakonda chifukwa cha maswiti.

"Mlamu, pepani," anatero atakhala pakhonde. "Ine ndinali kudzenje kotaya zigumu masana onse, pobwera ndapeza atanyamula kale. Mchimwene wanga uja sangaphe ndi nyerere yomwe. Koma pakamwa paja, mlamu, pakamwa."

"Anenanji?"

"Simunamve? Mmawa wakangana ndi madala aja. Akuti, 'Tsiku lina khomali lidzakugwerani, tidzapume.' A Bwana anali pomwepo. Ndi amene auza apolisi."

Anandipatsa switi ya mwana n'kumapita. Ndinaiika pazenera.

* * *

Mmawa ndinapita kupolisi ndi chakudya. Anandilola kuima pazitsulo za chitolokosi. Amuna anga zala zinali zotupa, zikhadabo zitang'ambika.

"Munanenadi mawu aja?"

"Ndinanena. Ndimawauza tsiku lililonse kuti achoke, samva."

"Nanga masana munali kuti?"

"Mpini wa nyundo unathyoka. Anzanga atapita kukadya ndinakafuna wina. Ndinayenda ndekha, ndani angandiikire umboni?" Anayandikira. "Tamvani, mayi a Kankhuku. Khoma lija ndinali nditalidula m'munsi, zoona. Koma ndinadulira mkati, ndipo ndinalichirikiza ndi mitengo. Makoma onse ndimagwetsera mkati, njerwa zigwere pasimenti zisamwazike pabwalo. Likanati ligwe lokha likanagwera m'chipinda. Lija lagwera kunja."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Linachita kukokedwa. Ndipo si ndi manja. Tonse atatu sitingalikokere kunja, pokhapokha galimoto."

"Mwawauza?"

"Aseka. Akuti khoma silisankha kogwera."

Potuluka ndinaima pa tebulo la mayi wapolisi amene anatenga nkhaniyo. Ndi mayi wolankhula motsitsa, wosathamanga. Ndinawauza za madzi, za kuitana pampanda, za matewera akuda. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mayi, ndakumvani," anatero. "Koma mwamuna akafuna kugwetsera munthu khoma sayamba wauza mkazi wake kuti aanule. Matewera anuwo akumumanga, sakumumasula. Pamalo paja taletsa, pasachoke ngakhale njerwa imodzi. Mukamva china chogwirika mubwere kwa ine, osati kwa wina."

Ndinawafunsa kuti akapezeka wolakwa zidzatha bwanji. Anayang'ana mwana kumbuyo kwanga.

"Ameneyu adzakhala atakwatiwa," anatero.

Pobwerera mutu wanga unali pa chinthu chimodzi: galimoto. Ndipo ndinkadziwa munthu wa galimoto yamphamvu amene nkhalamba ija inkamuchedwetsa.

* * *

A Bwana ndinawapeza pageti la puloti, atatsamira galimoto yawo yaitali, akazi awo ali mkati akuyang'ana mapulani. Sanandiyankhe moni.

"Ngati mwabwera kudzapempha kuti ndikasinthe mawu, iwalani. Ndanena zimene ndinamva."

"Ndangobwera kudzapepesa maliro, bwana."

"Maliro. Mukudziwa kuti amisiri anayenera kuyamba kukumba maziko sabata ya mawa? Simenti ndagula, zitsulo ndagula. Tsopano puloti yatsekedwa, achibale akundiloza chala, zonsezi chifukwa cha kusasamala kwa mwamuna wanu."

"Inu simunalipo pamene linagwa?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwasanduka wapolisi? Tinali kosankha matailosi, ine ndi madamu. Kuyambira mmawa uja mpaka pamene anatiimbira foni."

Madamu anatsitsa galasi pang'ono. "Anayi a kubafa, awiri a kukhitchini, ndipo sanagwirizane nane ndi limodzi lomwe. Kafunseni a m'sitolo, anatopa nafe."

"Malume ndinawapempha mwaulemu," a Bwana anapitiriza. "Ndinati ndidzawamangira kachipinda kuseri. Iwo akuti ayi, ndifera muno." Anatsegula chitseko cha galimoto. "Ndiye afera momwemo."

Analowa m'galimoto. Podutsa ndinaona kuti kumbuyo kwake kuli chitsulo chokokera ngolo.

* * *

Polowera kanjira kathu pamakhala mayi wogulitsa mayunitsi, pansi pa ambulera. Tonse timangoti a Mayunitsi. Palibe chimadutsa osachiona, ndipo palibe chimene amaona osachinena.

"Achemwali, ndinalira ine," anayamba ndisanakhale pansi. "Madala aja anandikonzera wailesi kawiri osalandira kanthu. Dzulo lomwelo adutsa pano, akuti, 'Mwana wanga, mabatire usamasiye mkati.' Ndiye mwamuna wako, iii, ine ndawauza anthu kuti uja ndi wapakamwa chabe."

"Galimoto ya a Bwana inalowa masana?"

"Ya a Bwana? Mmawa inalowa, inatuluka. Masana sindinaione. Komatu ndisakunamize, ndinachokapo pang'ono, m'mimbamu munavuta, ndinadya zinazake kwa apongozi. Pobwera ndapeza fumbi lili tolo, ndiye pamwamba pake ndi lole ija yandithiranso lina, ikutuluka ngati yalumidwa ndi mavu, ngakhale moni. Tebulo lonse mbuu. Ine ndimapukuta kangati patsiku, achemwali? Nyumba yosanjayo tidzagonamo ife?"

"Munachokapo nthawi yaitali?"

"Ya munthu wotsegula m'mimba. Werengera wekha."

Ndinanyamuka ndikudziuza kuti mpata ndi umenewo. A Bwana akanatha kusiya madamu m'sitolo, kulowa, kutuluka, a Mayunitsi ali kuchimbudzi. Zina zimene mayiyo ananena zinangondidutsa m'makutu.

* * *

Mpanda wathu uli ndi pobooka pamene amuna anga ankadutsira pobwera kudzadya. Mmawa wotsatira, nditayanika, ndinabereka mwana, kutenga beseni ngati ndikukatola nkhuni, n'kulowa.

Malowo anali zii. Makoma otsala anaima ngati mano a nkhalamba. Khoma lobiriwira linali chigonere pabwalo, lathunthu mbali ina, lofukulidwa pamene anatulutsa mtembo. Mitengo imene amuna anga anachirikizira inali itagwera m'chipinda. Ndinazungulira mpaka pakhomo lolowera, ndipo ndi pamene ndinaziona.

Nsapato zakuda, zokutha kuchidendene, zitaikidwa bwinobwino pamodzi, zala zitaloza mkati. Fumbi linali litazikwirira moti munthu wosazidziwa akanangoti ndi zinyalala za nyumba yakale.

Ndinakumbukira masokosi aja.

A Mawailesi sankaponda pabwalo ndi masokosi. Pabwalopo panali misomali ndi magalasi osweka, ndipo iwo anali munthu woti akafuna kukataya madzi amayamba wavala nsapato n'kumanga zingwe. Ngati nsapato zinali pakhomo, iwo anali mkati. Koma anapezeka kunja. Ndiye kuti wina anawanyamula kapena kuwakhwekhwereza, n'kukawagoneka pamene khoma likagwere, chifukwa galimoto singalowe m'chipinda. Ingakokere kunja basi.

Sindinazigwire. Ndinazivundikira ndi beseni langa, n'kutsindira ndi njerwa ziwiri. Potembenuka ndinamva ngati wina akundiyang'ana pazenera lopanda felemu. Panalibe munthu. Ndinatulukira kugeti, ndikuthamanga, ndipo kutsogolo kwanga kunaima lole.

"Mlamu, mwaona mzukwa?" A dalaivala anasuzumira akuseka. "Ndimati ndione ngati atsegula, ntchito yaima iyi. Mukuthamangira kuti?"

"Kupolisi."

"Ndi mwana, dzuwa limeneli? Kwerani. Ndikudzera komweko."

Ndinathamangira m'nyumba kukatenga chikwama cha matewera, n'kukwera.

* * *

Mkati munkanunkha dizilo. Ndinatsitsa Kankhuku n'kumukhazika pamiyendo. Pampando, pakati pa ine ndi a dalaivala, panali lamba wamkulu womangira katundu, wokulungidwa, ndipo mwana anayamba kumuseweretsa.

Ndinali ndi mantha a masiku onse aja m'chifuwa, ndipo apa panali munthu woseka amene ankanditchula mlamu. Ndinawauza zonse. Za khoma logwera kunja, za chitsulo cha kumbuyo kwa galimoto ya a Bwana, za nsapato.

"Nsapato," anabwereza. "Muli nazo m'chikwamamo?"

"Ayi. Ndazivundikira ndi beseni pomwepo."

"Mwachita bwino. Mutu muli nawo, mlamu. Mwauzako ndani?"

"Palibe. Ndinu oyamba."

"Ngakhale a Mayunitsi?"

"Amene aja? Bwenzi pano dziko lonse litamva."

Anaseka, ine ndinasekanso. Kenako Kankhuku anayamba kutafuna. Mayi aliyense amadziwa katafunidwe ka mwana amene waika m'kamwa chosadyedwa. Ndinamufinya masaya, kulowetsa chala, n'kutulutsa kachidutswa kolimba. Ndinati ndikataye pazenera, koma ndinayamba ndakayang'ana.

Kanali ka pulasitala. Mbali imodzi kanali kobiriwira.

Ndinayang'ana lamba uja. Chapakati anali atakhulika, ulusi utanyothoka chatsopano, ndipo m'mizere yake munadzaza zobiriwira. Khoma la mtundu umenewo linali limodzi lokha, ndipo apolisi analetsa kuchotsapo ngakhale njerwa. Lole iyi sinanyamulepo chigumu chobiriwira ndi chimodzi chomwe. Pomwepo mawu a a Mayunitsi anabwerera: ikutuluka ngati yalumidwa ndi mavu. Munthu amene anati masana onse anali kudzenje.

Ndinafumbata kachidutswako. Nditakweza maso ndinaona msewu wa kupolisi ukutsalira kumanzere.

"Mwapitirira," ndinatero. Mawu anatuluka ang'onoang'ono.

"Tikangotaya kaye tizigumu tatsala kumbuyoku. Si patali. Kuli phee kumene kuja, mwana akapumako fumbi."

Sanandiyang'ane. Nthabwala zinali zitatha. Manja awo pachiwongolero anali aakulu, ndipo ndinawaganizira atagwira nkhalamba ija m'khwapa. Kudzenje ndinkakudziwa. Ndi kumene kale ankakumba miyala, pansi pali madzi obiriwira, ndipo kufupi kulibe nyumba. Malo omaliza okhala ndi anthu ndi pothirira mafuta, pamene pali mahampu.

Ndikanakuwa, ndani akanamva m'lole? Ndikanalumpha ikuthamanga, mwana akanatsala pamsewu. Ndiye Kankhuku anachita chimene amachita tsiku lililonse akadya phala. Anafiira nkhope, anadzikakamiza, ndipo fungo linadzaza mkati monse.

"Pepani, alamu," ndinatero. "Ndimusinthe, angapse matako."

"Sinthani."

Ndinayala nsalu yoberekera pamwamba pa lamba uja n'kugonekapo mwana. Ntchito imeneyi ndimaigwira ngakhale ndili m'tulo. Ndinamasula phini. Ndinachotsa thewera lodzaza, lofunda, n'kuliika pabondo osalipinda. Ndinakulunga mwana m'nsalu pamodzi ndi lamba yemwe, ngati mtolo umodzi, n'kumukumbatira ndi dzanja lamanzere. Kutsogolo ndinaona denga la pothirira mafuta, ndi anthu akudikira basi.

Lole inachepetsa liwiro. Matayala akutsogolo anakwera hampu.

Ndinawamata theweralo kumaso ndi mphamvu zanga zonse, n'kulipaka ngati ndikutsuka poto.

Anaponda buleki, anatukwana, dzanja lawo linagwira tsitsi langa. Ndinakankha chitseko ndi phazi n'kudzigwetsa chagada, mwana ali pachifuwa. Tsitsi linatsala m'manja mwawo. Ndinamva mkono ukuthyoka ndisanamve kuwawa, kenako chitsulo cha lamba chinandimenya pakamwa. Kankhuku analira, ndipo kulira kumeneko sindidzaiwala kukoma kwake.

"Gwirani munthuyo, wapha a Mawailesi!" ndinakuwa, magazi ali m'kamwa.

Anayesa kuyendetsa asakuona, lole inakalowa m'ngalande. Othira mafuta ndi anthu a pa basi anamutsitsa akudzipukutabe m'maso. Wina anafuna kunditengera mtolo kuti andithandize. Ndinakana. Ndinati aitane mayi wapolisi wolankhula motsitsa, osati wina.

* * *

Mayiyo anandipeza kuchipatala madzulo, atapita kale kukavundukula beseni. Anandiuza kuti munthu uja waulula. Masiku onse anthu akapita kukadya ankalowa n'kukweza malata angapo kapena felemu, kukagulitsa. Lachitatu lija anapeza a Mawailesi m'chipinda, ndipo nkhalambayo inagwira felemu la zenera lake n'kukana kulisiya. Anaikankha, inamenyetsa mutu pasimenti. Ataona khoma lodulidwa kale anaganiza kuti lidzamunenera bodza, ndiye anagoneka mtembo kunja n'kulikoka ndi lole pogwiritsa ntchito lamba uja. Nsapato sanaziganizire, chifukwa iye sanavulepo nsapato pakhomo la munthu.

"Bwenzi mutabwera wapansi, mayi," anatero.

"Ndikanabwera wapansi lamba akanakhala kudzenje," ndinayankha.



Zimene nkhaniyi inatidyera ndi izi. Mkono wanga wamanja unakhala m'chikhakha mpaka mvula inayamba, ndipo mpaka lero sufinya bwino thewera, amafinya ndi bambo a Kankhuku. Dzino lakutsogolo linatsala pa hampu. Tsitsi linamera, koma pali pena pamene pakukanabe. Beseni lalikulu ndi nsalu yoberekera zili kupolisi monga umboni, ndipo ndimachapira m'ndowa. Thewera limodzi sindinalifunenso. Amuna anga anatuluka ndi nsabwe komanso chifuwa, ndipo ntchito sanaipezenso, chifukwa a Bwana anaitana chigalimoto chogumulira chimene chinamaliza zonse mmawa umodzi, osawaza madzi, osaitana pampanda. Kupepesa sanabwere. Kankhuku akamva lole amandikwera ngati nyani, ndipo ine sindikweranso galimoto ya munthu amene wanditchula mlamu. A Mawailesi anataya moyo chifukwa cha felemu limodzi la dzimbiri, limene pamapeto pake linapita kudzenje ndi zigumu zina.

Nyumba yatsopano yafika pamwamba, ndipo ndi yokongoladi. Yatseka dzuwa lonse la kuseri kwathu. Matewera tsopano ndimayanika kumaso, kumsewu, ndipo amauma mochedwa.